Achimwene a Swift Sport: itsitseni, koma isapitirire zala ziwiri

Achimwene, funso lanu ndinaliona m'mawa, koma ndinati ndiyambe ndakhala pansi kuti ndikuyankheni mofatsa, chifukwa ndaona ena akuuzani kale kuti "ingodulani masipuling'i, ndi ntchito ya ola limodzi." Mawu amenewo andidetsa nkhawa. Mwati muli ndi Suzuki Swift Sport ya 2008, ija nambala ya mtundu wake ndi ZC31S, mumakhala pa Kasungu boma, ndipo mpata umene uli pakati pa tayala ndi madigadi sukukusangalatsani. Mukufunsa ngati mugule masipuling'i otsitsira, kapena ma coilover (mashoko obwera ndi masipuling'i ake, amene kutalika kwake mumasintha nokha), kapena mungodula amene alipowo. Langizo langa ndi lakuti muitsitse ndi mamilimita 25 kapena 30 basi, ndi masipuling'i opangidwira galimoto imeneyo, ndipo tsiku lomwelo muikenso mashoko atsopano. Odula aja musawamvere.

Musanatulutse ndalama iliyonse, bwerekani tepi kwa kalipentala. Imikani galimoto pa simenti yosalala, monga pamalo omwetsera mafuta, mugwade, muyeze kuchokera pansi kufika pa chinthu chimene chatsika kwambiri kunsi kwake: sampu ya oyilo, paipi ya ekizozi, ndi mlomo wa bampala yakutsogolo. Kenako muyeze kuchokera pakati pa limu kufika m'mphepete mwa madigadi, mawilo onse anayi, mulembe pa pepala. Galimoto yopangidwa mu 2008 yasenza anthu zaka zambiri, ndipo mungapeze kuti inatsika kale yokha, mwina mbali ya dalaivala kuposa inayo. Mukatero kwezani anzanu atatu, muike thumba la chimanga kumbuyo, muyezenso. Nambala yachiwiriyi ndiyo yeniyeni, chifukwa kuno galimoto siyenda ndi munthu mmodzi. Pa ukwati kapena pa maliro abale adzakwera, ndipo simudzawakaniza.

Ndikulimbikira za tepi chifukwa zipangizo zambiri zotsitsira galimoto ngati yanuyo anazipangira misewu ya ku Japan ndi ku Ulaya. Ku Japan lamulo limalola galimoto kutsika mpaka mamilimita 90 kuchokera pansi, ndipo kumeneko ndi zotheka kuyenda choncho. Ife tili ndi mahampu a pa Madisi, pa Mponela ndi pa Lumbadzi nthawi iliyonse tikamapita ku Lilongwe. Tili ndi m'mphepete mwa phula modyeka ngati mano a sowo, pamene umayenera kutsikira mwadzidzidzi ukakumana ndi lole yodzaza mabelo a fodya ikuthamangira ku Chinkhoma. Ndipo ukangosiya phula kulowera kumudzi, pamakhala msana uja wa dothi pakati pa msewu, umene ngolo ndi malole amasiya akakumba mbali ziwirizi nthawi ya dzinja. Msana umenewo ndiwo umapha sampu. Choncho poganiza za mamilimita, musaganizire msewu wa kutsogolo kwa nyumba yanu, ganizirani msewu woipitsitsa umene mumadutsamo ngakhale kawiri pa chaka.

Za kudulazi ndikulankhula zimene zinandigwera. Ndinali ndi Vitz RS, ndipo pa galaja ina anandidulira masipuling'i ndi girayinda, ine ndili pomwepo. Tsiku loyamba inkaoneka bwino kwambiri. Patapita milungu iwiri ndinayamba kumva "gu, gu" kumbuyo pa hampu iliyonse, ndipo pa liwiro inkadumphadumpha ngati ngolo yopanda katundu. Tsiku lina mu February ndikupita cha ku Chamama ndi mayi anga ndi mlongo wanga, mvula itagwa usiku, ndinamva kukhula kunsi. Sindinayende mamita 200 nyali yofiira ya oyilo inayaka. Nditatsika ndinapeza mzere wakuda pamatope kuchokera pa mwala umene unali utangotulutsa mutu pakati pa msewu, mwala wosaposa chibakera kukula. Mwayi ndinazimitsa injini msanga. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango maola anayi kudikira wotikoka, mayi atafunda chitenje kumutu, ndipo anali paulendo wokaona wodwala. Chimene chinandiopsa kwambiri chinadza mawa lake: makaniko atangokweza galimoto pa jeke, sipuling'i yakumbuyo kumanzere inagwa yokha pansi n'kugubuduka. Sinali yomangika ndi kanthu. Inkakhala pamalo pake chifukwa cha kulemera kwa galimoto kokha.

Swift yanu kumbuyo inapangidwa mofanana ndi Vitz ija. Kutsogolo kuli ma strut, pamene sipuling'i imakhala yomangidwa pa shoko, koma kumbuyo kuli chitsulo chimodzi cholumikiza mawilo awiri, chija amati torsion beam, ndipo sipuling'i imakhala payokha, shoko payokha. Sipuling'i ikafupika kuposa muyezo, wilo likangolendewera m'dzenje pa liwiro, imatha kuchoka pampando pake. Kuonjezera apo, nsonga za sipuling'i amaziumba mwapadera kuti zikhale bwino pampandopo, ndiye ukadula wachotsa mbali yomweyo. Ndipo palibe munthu angadule zinayi ndi girayinda n'kufanana ndendende. Ena m'malo modula amaziwotcha ndi moto wa gasi kuti zifwamphuke. Kumeneko ndiye kuipitsitsa, chifukwa moto umachotsa kulimba kwa chitsulo, sipuling'i imapitirizabe kutsika pang'onopang'ono mpaka tsiku lina imathyoka.

Masipuling'i otsitsira enieni ndi osiyana. Amawapanga afupi pamene galimoto yakhalapo, koma aatali mokwanira kuti asachoke wilo likalendewera, komanso olimbirapo kuti kampata kochepa kotsalako kasathe msanga. Mayina odalirika ndi Eibach ndi H&R a ku Germany, komanso Tein ndi RS-R a ku Japan. Pa Eibach funsani Pro-Kit, imene imatsitsa pang'ono, osati Sportline, imene imatsitsa kwambiri. Kampani iliyonse imalemba kuti mtundu wakutiwakuti umatsitsa mamilimita angati kutsogolo ndi kumbuyo. Mukaona 40 kapena 50, asiyeni, si a kuno. Poitanitsa tchulani ZC31S, musangoti Swift. Swift wamba ndi Sport zimasiyana kulimba kwa masipuling'i, ndipo ZC32S imene inatuluka mu 2011 ndi galimoto inanso. Wogulitsa akati "zonse ndi chimodzimodzi, zimalowa," mutsanzikeni.

Tsopano mashoko, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amafuna kupulumutsa ndalama n'kudzalipira kawiri. Sipuling'i imanyamula galimoto, shoko ndiyo imaletsa kudumpha. Swift Sport inachoka ku fakitale ndi mashoko a Monroe, abwino ndithu, koma ngati anu akadali omwewo ndiye kuti atopa. Mukawaikira sipuling'i yolimba ndi yofupika, amagwira ntchito ali opanikizika kale, pafupi ndi pothera pawo, ndipo pa misewu yathuyi satenga nthawi kuyamba kutaya oyilo. Zikatero tayala limayamba kunjanja m'malo mokakamira pansi, makamaka pa malata aja a msewu wa fumbi, ndipo mabuleki amatalika. Ngati mukutsitsa ndi 25 kapena 30, KYB atsopano enieni amakwana bwino. Mthumba mukalola, Bilstein ali ndi B6 ya galimoto yosatsitsa ndi B8 imene anaifupikitsa dala kuti iziyenda ndi masipuling'i otsitsira; yanu ingakhale B8. Koma Bilstein ndi yolimba, mudzamva kamwala kalikonse, choncho amene amakwera nanu kawirikawiri muwafunse kaye. Mashoko ochotsedwa pa galimoto ina, aja amati ex-Japan, pa ntchito iyi ayi. Kunja amawala, koma m'kati simungaonemo. Onaninso bwino bokosi ndi nambala yodinda pa shokoyo, chifukwa achinyengo olembedwa mayina otchuka alipo pa msika.

Ma coilover ndikudziwa kuti ndi amene mtima wanu ukufuna, ndipo sindikuwanyoza. Ubwino wake ndi woti mumasankha nokha kutalika, n'kutha kukweza dzinja likafika. Tein kapena BC Racing ya ku Taiwan ndi zinthu zenizeni. Koma taganizirani za Kasungu. Kutalika kumasinthidwa ndi mphete zoyenda pa mazinga amene ali poyera, kuseri kwa tayala. Fumbi lathu la mu September ndi October limalowa m'mazingamo, matope a mu January n'kudzamata pamwamba, ndipo chaka chikatha mphete zija sizitembenukanso ngakhale muzimenye ndi hamala. Ndinaonapo mnzathu wina ndi makaniko ake akulimbana nazo tsiku lathunthu mpaka sipanala yake ija inapindika. Chachiwiri, ambiri amabwera ndi masipuling'i olimba kwambiri, oganizira bwalo la mpikisano, ndipo nkhonya zonse za m'maenje zimapita ku bodi, dashibodi n'kuyamba kulira ponseponse. Chachitatu, imodzi ikayamba kutaya oyilo, simungalowe mu shopu pa boma pano n'kugula inzake monga mungachitire ndi KYB. Muyenera kuitanitsa kunja, ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, galimoto ili pa mwala. Nanga aja otchipa opanda dzina a pa intaneti, ongopakidwa utoto wowala? Amenewo ndalama yake ndi bwino mugulire matayala. Ngati mwatsimikizabe za coilover, gulani a dzina, muwaike pamwamba pafupi ndi muyezo wa fakitale, mupake girisi m'mazinga, muwaveke zophimba, ndipo muziwatsuka mukachoka m'matope.

Za air suspension, ija yoika matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i, zisiyeni. Mtengo wake ungayandikire wa galimotoyo, ndipo kapaipi kamodzi kakabooka muli pakati pa Santhe ndi Kamwendo, galimoto imagona pamimba pomwepo.

Tsiku loika, musangosiya kiyi n'kuchoka. Khalani pomwepo. Makaniko akhale ndi chopanira masipuling'i chenicheni, osati mawaya kapena zingwe, chifukwa sipuling'i yakutsogolo ikapulumuka imathyola nsagwada. Popeza zonse zamasulidwa kale, sinthani ma top mount (pamene shoko imamangidwira ku bodi kumwamba), komanso timipira toteteza shoko ku fumbi, ndi ma bump stop, tija tamphira timene timalandira galimoto ikafika pothera. Ena amatitaya kuti galimoto itsikirepo. Musalole, ndi timene timateteza shoko yanu yatsopano m'dzenje. Aonenso mabushi, ma ball joint, ma link ndi mabuti a CV, pakuti galimoto ikatsika zonsezi zimagwira ntchito mopendekera mwatsopano, ndipo chimene chinali chotopa chimafulumira kutha. Kanthu kena kamene ambiri amaiwala: mabawuti odutsa m'mabushi awamangitse komaliza galimoto itatera pansi pa matayala ake, osati ili m'mwamba pa jeke. Akamangira m'mwamba, mphira umakhala wopotoka nthawi zonse ndipo umang'ambika miyezi yochepa.

Mukatha, yendani nayo sabata imodzi kapena ziwiri kuti masipuling'i akhazikike, kenako mupite nayo ku alayimenti ya kompyuta. Ngati pafunika kupita ku Lilongwe, pitani. Makilomita pafupifupi 130 amenewo ndi otchipa kuposa matayala awiri odyeka m'kati. Kutsogolo galimoto yotsitsa imasintha mmene mawilo apenyera, ndipo m'mphepete mwa tayala chakum'kati mumatha inu kunja mukuona ngati lili bwino. Kumbuyo pa torsion beam palibe zosintha zambiri, chimene ndi chifukwa china chosatsitsira mopyola. Musaiwale kuwongolanso nyali zakutsogolo, chifukwa usiku pa M1 pamakhala akabaza ndi oyenda pansi ambiri m'mphepete. A inshuwalansi anu auzeninso kuti mwasintha zimenezi, zilembedwe.

Mwatchulanso kuti mwina mudzaika malimu a mainchesi 17. Ine ndikuti khalani pa 16. Tayala la 195/50R16 lili ndi mphira wa m'mbali wokwana pafupifupi mamilimita 97, pamene 205/40R17 lili ndi 82 okha. Mamilimita 15 amenewo ndi amene amaima pakati pa limu yanu ndi mlomo wa dzenje. Mukatsitsa galimoto mwachepetsa kale pofewera, ndiye musachepetsenso ku tayala. Dziwaninso kuti Sport ili ndi mabawuti asanu ozungulira pa bwalo la mamilimita 114.3 m'mimba mwake, osati anayi ngati Swift wamba, kuti wina asakugulitseni malimu osalowa. Ndalama ya malimuyo ikapangitse chitsulo choteteza sampu. Wowotcherera waluso akhoza kuchipanga konkuno, bola asiye kampata pakati pa chitsulocho ndi sampu, abowole potulutsira oyilo, ndipo achimange pa chasisi, osati pa injini.

Ngati ndalama siikukwana zonse pakamodzi, yambani ndi mashoko ndi mabushi mwezi uno pa masipuling'i amene alipowo, otsitsirawo adzabwere mukapeza, ngakhale kuti mudzalipira makaniko ndi alayimenti kawiri. Musachite mosemphanitsa. Yezani madzulo ano, mutumize manambala asanu ndi awiriwo muno, wopanda katundu ndi wodzaza, munenenso msewu wa kumudzi kwanu kuti ndi uti. Loweruka ndikhala pa boma, ndikhoza kudzagwada nanu kunsi kwake tione limodzi musanaitanitse kanthu.