Nibu ya agogo: musaikweche ndi phulusa

Owerenga ena a ku Nsanje anditumizira imelo yofunsa za cholembera choviika mu inki chimene anachipeza m'bokosi la malemu agogo awo, omwe anali kalaliki nthawi ya atsamunda. Akufuna kudziwa ngati nibu yake yachikasu (kachipangizo kosongoka kakumapeto kamene kamalemba) ili ya golide, ndiponso ngati nkoyenera kuikwecha ndi phulusa kuti iwale asanaigulitse.

Bambo, ndikupempheni kuti musaikweche, chifukwa phulusa lingafufute timalemba timene tili pamsana pa nibuyo, pomwe timalembato ndi timene osonkhanitsa zolembera zakale amayamba kuyang'ana.

Nibu zambiri zimene zinkagwira ntchito m'maofesi ndi m'sukulu zinali zachitsulo, zochokera ku Birmingham kwa opanga monga Joseph Gillott ndi Perry & Co., ndipo zina ankangozikutira ndi utoto wa golide. Iyandikizeni ku maginito: ikamata, ndi yachitsulo. Ikapanda kumata musafulumire kukondwa, pakuti mkuwa nawonso sumata.

Golide ankamufuna chifukwa inki yakale inkadya chitsulo koma iye sachita dzimbiri. Vuto lake ndi kufewa, moti nsonga inkatha msanga, mpaka mu 1834 pamene John Isaac Hawkins anakwanitsa kumatirira kachidutswa ka iridium, mtundu wa chitsulo cholimba kwambiri, kunsonga ya nibu ya golide. Choncho yang'anani nsongayo pa kuwala: mukaona kadontho kotuwa mbali zonse ziwiri za mng'alu, chimenecho ndi chizindikiro chabwino, ndipo kadonthoko kakathothoka mtengo umatsika kwambiri. Chilembo cha 14K kapena 585 chimasonyeza golide, komabe nibu zambiri za m'ma 1800 zili ndi dzina la wopanga ndi nambala ya kukula kwake basi, monga Mabie Todd, Aikin Lambert kapena John Foley, onse a ku New York. Zimandiwawa kumva kuti wina wasungunula nibu yotere, popeza golide wake ndi wochepetsetsa poyerekeza ndi luso limene linalowapo.

Kuno ku chigwa cha Shire, chogwirira cha cholemberacho ndicho chimavutika ndi kutentha ndi chinyezi. Chikakhala cha labala wolimba wakuda, dzuwa ndi madzi zimachisandutsa chofiirira, choncho chikulungeni m'nsalu youma ndi kuchiika pamwamba, pomwe madzi osefukira sangafike. Nibu yokhayo mutha kuitsuka ndi madzi ozizira. Chogwiriracho chikakhala cha mnyanga wa njovu, musayese kuchigulitsa musanafunse a nthambi yoona za nyama zakutchire, chifukwa malamulo a dziko lino amaletsa malonda a minyanga ndipo chilango chake ndi chachikulu.