Kodi mwala umawola? Mafunso a ku Chigwa pa mawu a fizikisi

Makalata atatu a sabata ino achokera ku Chigwa cha Shire, ndipo onse agunda mutu umodzi wa fizikisi ya Fomu 4. Ndiyamba ndi ya mphunzitsi wa sekondale ku Ngabu chifukwa yandiseketsa.

Iwo alemba kuti: "Ana akapanda kumva Chingerezi ndimatembenukira ku Chichewa. Pofotokoza radioactive decay ndinati atomu imawola. Mnyamata wina anakweza mkono n'kufunsa ngati mwala wa yureniyamu umanunkha. Ndalakwa pati?"

Aphunzitsi, mwanayo musamukalipire, Chichewa wachimva bwino. Kuwola kwathu kumayenda ndi fungo, ntchentche ndi mphutsi. Mlamba wovuulidwa ku Elephant Marsh m'mawa wa Okutobala, ukagona pa mphasa mumsika wa Bangula mpaka masana osauwamba, mimba imakhala itayamba kale kufewa. Kutentha kumafulumizitsa kuwola, mchere ndi utsi zimachedwetsa. Mwana aliyense wa kumeneko amazidziwa izi asanalowe Sitandade 1, ndiye mukati "kuwola" mwamupatsa chithunzi chonsecho. Vuto n'lakuti yureniyamu samvera zimenezo. Muyanikeni pa dzuwa la Ngabu kapena mumutsekere mufiriji, liwiro lake silisintha.

Radioactive decay imachitikira pakati penipeni pa atomu, pamene mabuku amati nucleus. Ena amangoti nyukiliyasi, ndipo si kulakwa, koma ine ndimakonda "phata", monga timanenera phata la nkhani. M'phatamo muli tizidutswa totchedwa mapulotoni ndi manyutuloni. Maphata ena ndi osakhazikika, ndiye tsiku lina amataya kachidutswa. Uranium-238 akataya kachidutswa kotchedwa alpha, komwe ndi mapulotoni 2 ndi manyutuloni 2, sakhalanso yureniyamu, wasanduka thorium-234. Ameneyonso amasanduka china, mpaka mzere wonse umakathera pa mtovu. Choncho auzeni ana kuti phata limasweka ndipo atomu imasanduka ina.

Pamenepa Chichewa chili ndi mpeni wakuthwa womwe ambiri sitiugwiritsa ntchito m'kalasi. Mayi akati "mphika wasweka" sanaloze munthu chala. Akati "mphika waswedwa", ana onse pabwalo amayang'anana, chifukwa alipo amene waswa. Kusiyana kwa -ka ndi -dwa n'komweko komwe mwana afunika kugwira pa mutuwu. Mumwala wa yureniyamu, ngati wa ku Kayelekera ku Karonga komwe mgodi unatsegulidwa mu 2009, maphata amasweka okha, popanda wowakhudza. M'malo opangira magetsi a nyukiliya, phata la uranium-235 limagundidwa ndi nyutuloni n'kugawika pawiri: limenelo laswedwa. Chingerezi chimafuna mawu awiri osafanana n'komwe, decay ndi fission, pomwe ife tsinde ndi limodzi, tangosintha mchira. Pa mayeso alembe Chingerezicho, paja a MANEB sachonga Chichewa pa pepala la fizikisi, koma m'mutu asunge mphika wa amayi ake.

Kalata yachiwiri ndi ya mtsikana wa Fomu 4 ku Nsanje: "Half-life ndi theka la moyo eti? Ndiye ngati theka ndi masiku 8, moyo wonse ndi masiku 16?"

Mwanawe, wagwa m'mbuna yomwe mawuwo anakukumbira. "Theka la moyo" ndi kumasulira liwu ndi liwu, ndipo m'Chichewa zikumveka ngati munthu amene wafika zaka zapakati. Chimene chikugawika si moyo, ndi chiwerengero cha maphata. Nena kuti "nthawi yoti theka lisweke". N'kotalikirapo, koma sikunama. Iodine-131, yemwe madokotala amachizira matenda ena a chithokomiro, nthawi yake ndi masiku 8. Ukayamba ndi magalamu 80, pakatha masiku 8 atsala 40. Pa tsiku la 16 sanathe ayi, atsala 20, pa la 24 atsala 10. Nthawi zonse umatenga theka la zotsala, osati la zomwe unayamba nazo.

Tola zitsekerero za mabotolo 100 pagolosale, uziike m'chitini, ukhutchumule n'kukhuthulira pansi. Zonse zagwa chagada chotsa, zimenezo zasweka. Zotsalazo bweza m'chitini, ubwereze. Uona muluwo ukuchepa pafupifupi ndi theka ulendo uliwonse, koma sungalozeretu kuti chigwe chagada n'chiti. Maphata ndi chimodzimodzi. Kungoti nthawi zake zimatalikirana kwambiri: carbon-14 ndi zaka 5,730, uranium-238 ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni.

Bambo wina wa ku Nchalo, amene amafunsa mwana wake zomwe waphunzira madzulo aliwonse, akufuna kudziwa ngati radioactive ikukhudzana ndi wailesi yawo, ndiponso liwu lenileni la radiation.

Bambo, wailesi yanu ilibe mlandu, pitirizani kumvera mpira. Mawu onsewo anaphuka pa liwu la Chilatini, radius, lomwe limanena mzere wa kuwala, koma zinthu zake n'zosiyana. Henri Becquerel anatulukira mphamvu yotuluka mu yureniyamu mu 1896 ku Paris, ndipo dzinalo anapereka ndi Marie Curie mu 1898, chaka chomwe iye ndi mwamuna wake Pierre anapeza polonium ndi radium.

Liwu lathu la radiation ndi "cheza", lomwe lija la cheza cha moto kapena cha dzuwa, chinthu chimene chimakupeza uli patali. Likukwana, bola muwonjezere kuti "cheza cha m'phata", chifukwa ichi sichioneka ndipo khungu silichimva kutentha. Chilipo cha mitundu itatu. Alpha amatsekeka ndi pepala la m'kope, beta amafuna chitsulo chopyapyala cha aluminiyamu, pomwe gamma amachepa mphamvu pokhapokha akakumana ndi mtovu wochindikala kapena chikhoma cha konkire. Mayina atatuwo ndi zilembo zoyambirira za Chigiriki, asiyeni momwemo. Mwana wanu akawalemba mwina, wochonga sawazindikira.