Tifunseni: Nkhope ya mayi anga ikukana kutuluka pa pepala

FUNSO

Zikomo akonzi. Ine ndimakhala ku Matawale konkuno ku Zomba. Ndili ku sekondale ndinkajambula kwambiri moti anzanga ankandipatsa makope awo a bayoloje kuti ndiwajambulire, koma nditangolemba fomu 4 ndinasiya, banja, ana, kusaka ndalama basi. Pano ndayambiranso chifukwa ndikufuna kujambula nkhope ya malemu mayi anga ndi pensulo, chithunzi chawo chili mu foni. Nde vuto ndi loti maso amatuluka bwino, mphuno bwino, koma zonse zikakhala pamodzi akuoneka munthu wina, komanso mayi anga anali akuda bwino koma pa pepala akumatuluka otuwa. Kodi luso linathawa kapena ndi mapensulo a HB apagolosalewa?

Bambo wa ku Matawale

YANKHO

Achimwene, pepani ndi imfa ya mayi. Luso silinathawe ayi, dzanja lomwe linkajambula ku sekondale lija ndi lomweli, kungoti kusukulu tinazolowera kujambula ndi mizere, mzere wa diso, mzere wa mlomo, pomwe pankhope ya munthu palibe mizere, pali kuwala ndi mdima basi. Chomwe chimapangitsa munthu kunena kuti "awa ndi mayi aja" si kukongola kwa diso lomwe mwajambula, ndi mtunda wochoka pa diso kufika pa mphuno, pa mphuno kufika pa mlomo, kutambalala kwa chibwano. Mukaphonya pang'ono chabe pamenepo mwajambula mlongo wawo.

Nde musayambenso ndi diso. Yambani ndi mutu wonse, mopepuka kwambiri kuti muzitha kufufuta. Maso a munthu wamkulu amakhala pakati penipeni pa mutu, kuyeza kuchokera paliwombo kufika kuchibwano, koma pafupifupi aliyense woyamba amawakweza m'mwamba mpaka chipumi chimasowa. Pakati pa maso awiri pamakwana diso lina limodzi. Khutu limayambira cha pa nsidze kutsika kulekeza pansi pa mphuno. Izi ndi zongoyambira, mayi anu anali ndi miyezo yawoyawo ndipo kufanana kuli pomwe iwo akusiyana ndi miyezo ya aliyenseyi, nde tengani rula muyeze pa chithunzipo, musakhulupirire diso lanu, makamaka pa munthu yemwe mumamukonda chifukwa mutu umajambula zomwe ukukumbukira osati zomwe zili pa chithunzi. Kasindikizeni chithunzicho m'tauni pa pepala la A4, chopanda mitundu, chakuda ndi choyera chokha, kusiyana ndi kumalimbana ndi foni yomwe ikungozima. Nthawi zina tembenuzani zonse ziwiri, chithunzi ndi pepala lanu, mutu uloze pansi, zokhota zonse zimaonekera pompo.

Za kutuwazo, apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo chifukwa anthu ambiri kuno zimawavuta, mavidiyo ochuluka a pa YouTube amaphunzitsira pa khungu loyera pomwe pepala lenilenilo limagwira ntchito ngati khungu. Kwa ife sizitheka. Pankhope ya munthu wakuda malo oyera ndi ochepa zedi, kadontho ka m'diso, pamwamba pa mphuno, pang'ono pa chipumi ndi pa tsaya pomwe dzuwa lamenya, mwinanso pa mlomo wa m'munsi. Kwina konseko kumafuna pensulo. Ngakhale choyera cha diso musachisiye pepala, chimakhala ndi kamthunzi kochokera ku chikope, mukachisiya mbee munthu amaoneka wodzidzimuka. Mano chimodzimodzi, musazungulize dzino lililonse ndi mzere, ingodetsani m'ngodya za kamwa ndi m'mphepete mwa nkhama.

HB siingakufikitseni pamenepo olo mutakanikiza bwanji, apa munalondola. Mtima wa pensulo ndi graphite, mwala wakuda wofewa, wosakaniza ndi dongo, njira yomwe anayambitsa Nicolas-Jacques Conté wa ku France mu 1795, dongo likachuluka pensulo imalimba nkumalemba motuwa, amenewo ndi a H, likachepa imafewa nkumada, amenewo ndi a B. Graphite yemweyu kwathu kuno alipo pansi, ku Malingunde ku Lilongwe, koma mapensulo timagulabe ochokera kunja. Simukufunika bokosi lonse. HB yanuyo ikhale yoyezera, 2B ya khungu, 4B ndi 6B za mithunzi, m'mphuno, pansi pa chibwano, mwana wa diso ndi tsitsi. Funsani m'mashopu a zolembera m'tauni, mukasowa tumani wina wopita ku Blantyre kapena ku Limbe.

Chinsinsi chake ndi kusakanikiza. Pakani mopepuka, falitsani ndi tishu kapena kathonje, pakaninso pamwamba, falitsaninso, mpaka kude momwe mukufunira, zimadya nthawi koma khungu limatuluka losalala. Mukakanikiza kamodzinkamodzi pepala limanyezimira ngati lata ndipo silingalandirenso pensulo ina. Chala musafalitsire, chili ndi mafuta ndipo banga lake silichoka, ikani kapepala pansi pa dzanja pomwe mukujambula. Labala musamaione ngati yofufutira zolakwa zokha, iduleni ndi lezala ikhale ndi nsonga nde muzitulutsira kuwala kwa pa mphuno ndi pa tsaya kuja. Pepala la mu kope kapena la fotokope ndi loterera komanso lopyapyala, ndi labwino pophunzirira koma la mayi mugule cartridge, lija lokhuthala la mu drawing book.

Tsitsi lathu musalijambule limodzilimodzi, detsani lonse ndi 6B mozungulizazunguliza timizere ting'onoting'ono kenako mutolepo kuwala pang'ono ndi labala. Ngati pa chithunzipo mayi anamanga duku, yambani ndi mapindidwe a nsaluyo, maluwa ake abwere pomaliza, ndipo asapose nkhope.

Pempho langa ndi loti mayi muwasunge kaye. Jambulani anthu omwe mtima wanu sungapweteke nawo zikakanika, wogulitsa mbatata mu msika wa Zomba atakulolani kumutola chithunzi, mwana wanu akuonera TV, ngakhale inu nomwe pa galasi mutakhala pafupi ndi windo kuti kuwala kuchokere mbali imodzi. Chithunzi cha fulashi chimapha mithunzi yonse, ngati kwa abale kuli china cha mayi chojambulidwa panja, bwerekani chimenecho. Mukadzamaliza chiikeni mu fulemu ya galasi msanga, chinyezi cha kuno pansi pa phiri nthawi ya dzinja chimapinda pepala ndi kuchititsa nkhungu, ndipo musachipachike pa khoma lomwe limanyowa. Ngati mukudziwana ndi wophunzira za zojambula ku Chanco, muonetseni ntchito yanu, diso la wina limaona mphuno yokhota yomwe inu mwaizolowera.

FUNSO

Ine ndimalemba timabokosi pa chithunzi ndi pa pepala kuti ndisaphonye, koma mnzanga akuti kumeneko ndi kubera, wojambula weniweni sachita zimenezo. Zoona?

Mtsikana wa ku Chinamwali

YANKHO

Achemwali, pitirizani ndi timabokosi tanuto. Aigupto akale ankalemba timabokosi pa makoma asanajambule anthu, Albrecht Dürer wa ku Germany naye anaonetsa njira imeneyi m'zaka za m'ma 1500. Timabokosi timangokuuzani pomwe diso likhale, mthunzi ndi khungu ndi ntchito ya dzanja lanu. Muzingolemba mopepuka ndi HB kuti tifufutike musanayambe kudetsa, ndipo mukamazolowera muzitikulitsa, lero a masentimita 2, mwezi wamawa a 5, kenako mtanda umodzi wokha pakati pa pepala, kuti tsiku lomwe agogo adzakhale pa mkeka nkunena kuti ndijambule pompano musadzasowe poyambira.