Musagule kaye batire ina

Achimwene, musathamangire kugula batire ina. Poti mwati nyali ya batire ikuyakabe pa Corolla yanu yakaleyo ngakhale injini ikulira, ndipo malaiti akumazilala mukamapita ku Chilomoni usiku, ine ndikukayikira alternator, chipangizo chomwe chimatchaja batire injini ikamalira.

Bwerekani multimeter, mita yoyezera mphamvu ya magetsi, muyezere batireyo. Injini itazima, batire yabwino imaonetsa pafupifupi 12.6 volts. Mukaliza injini, nambalayo ikwere kufika pakati pa 13.8 ndi 14.5. Ikangokhala pa 12 pomwepo, ndiye kuti alternator sikutchaja. Koma musanaimasule, yang'anani lamba amene amaizunguza. Ngati wakhwefuka, wang'aluka kapena akumalira kuti tswiii m'mawa, vuto likhoza kukhala lomwelo. Onaninso fyuzi ndi mawaya.

Pa galimoto zakale zomwe ndayendetsapo, kawirikawiri vuto limakhala maburashi a m'kati mwa alternator oti adyeka kapena regulator, kachipangizo kowongolera mphamvu ya magetsi otchajira. Kusintha zimenezi n'kotchipa kusiyana ndi kugula alternator yathunthu yakaunjika ku Ndirande, yoti simukudziwa kuti yagwira ntchito zaka zingati.

Zochotsa waya wa batire injini ikulira "kuti tione" zija, chonde ayi. Mutha kupsereza tizipangizo ta m'kati mwa alternator totchedwa ma diode ngakhalenso kompyuta ya galimoto. Mukamva fungo la mawaya opsa, kapena mita ikapitirira 15, pitani kwa makaniko wa zamagetsi tsiku lomwelo.