Funsani Tikuyankheni: Ndilembe dzina la yani pa zithunzi za mumlengalenga?

FUNSO

Akonzi, ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Linthipe m'boma la Dedza. Malemu bambo anga pochokera ku migodi ya ku Joni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anabwera ndi masewera a pa katoni ofanana ndi aja a njoka ndi makwerero, kungoti m'malo mwa makwerero panali maroketi, ndipo wosewera ankaponya dayisi n'kumayenda kuchokera pa dziko lapansi mpaka kukafika ku mwezi ndi ku mapulaneti. Katoniyo inadyedwa ndi chiswe, moti chatsala ndi theka lokha ndi pepala la malamulo ake. Ndaganiza zowapanganso masewerawa pogwiritsa ntchito zithunzi zenizeni za mumlengalenga zimene mwana wa achemwali anga wanditengera pa intaneti. Ena ndikufuna akhale a ana a m'kalasi mwanga, ena ndigulitse kwa aphunzitsi anzanga. Mnzanga wina akuti zithunzi zonse za mumlengalenga n'za NASA ndipo n'zaulere, choncho ndingolemba kuti "Zithunzi: NASA" basi. Kodi zimenezi n'zokwanira?

Mphunzitsi, Linthipe, Dedza

YANKHO

Zikomo aphunzitsi chifukwa chofunsa musanapite kosindikiza, poti zikanavuta kukonza zinthu makatoni atamatidwa kale pulasitiki. Mnzanuyo wanena zoona pang'ono, koma mbali imene wasiya ndi imene ingakuikeni m'mavuto.

Zoona zake n'zakuti NASA ndi bungwe la boma la America loona za mumlengalenga, ndipo malamulo a dzikolo salola kuti ntchito yopangidwa ndi antchito a boma pa ntchito yawo ikhale ndi umwini woletsa ena kuigwiritsa ntchito. N'chifukwa chake zithunzi zambiri za NASA munthu angathe kuzisindikiza popanda kulipira kapena kulemba kalata yopempha, ndipo bungwelo limangopempha kuti litchulidwe monga gwero la chithunzicho. Mwachitsanzo, chithunzi cha dziko lapansi likutuluka kuseri kwa mwezi, chotchedwa Earthrise, anachijambula ndi William Anders pa 24 Disembala 1968 ali m'chombo cha Apollo 8, ndipo nambala yake m'kaundula wa NASA ndi AS08-14-2383. Mukachiika pa katoni yanu, lembani kuti "NASA/William Anders, Apollo 8, 1968". Chithunzi china chimene ndikanakonda chikhale poyambira masewera anu ndi cha dziko lonse lathunthu, chotchedwa Blue Marble, chimene chinajambulidwa pa 7 Disembala 1972 pa ulendo wa Apollo 17, chifukwa chimaonetsa bwino Africa ndi chilumba cha Madagascar, ndipo ana a ku Linthipe angathe kuloza ndi chala chigawo chimene kuli kwawo. M'chombomo munali Eugene Cernan, Ronald Evans ndi Harrison Schmitt, ndipo NASA imachitchula kuti n'cha gulu lonse la atatuwo, choncho inunso mulembe chimodzimodzi.

Vuto ndi lakuti si chithunzi chilichonse cha nyenyezi chimene chili cha NASA, ndiponso si chilichonse chopezeka pa tsamba la NASA chimene chili chaulere. Makina oonera zakutali a Hubble, amene anatumizidwa mumlengalenga mu 1990, ndi ntchito ya NASA pamodzi ndi bungwe la mayiko a ku Ulaya la ESA. Makina a James Webb, amene ananyamuka pa 25 Disembala 2021, aphatikizaponso bungwe la dziko la Canada la CSA, ndipo amene amayendetsa ntchito yawo yofufuza ndi bungwe la STScI, n'chifukwa chake pansi pa zithunzi zake zambiri mumapeza mawu akuti "NASA, ESA, CSA, STScI". Zithunzi za ku Mars zojambulidwa ndi galimoto ya Curiosity, imene inatera kumeneko mu Ogasiti 2012, nthawi zambiri zimalembedwa "NASA/JPL-Caltech/MSSS", kusonyeza malo ofufuzira a ku California amene amaiyendetsa ndi kampani imene inapanga makamera ake. Mayina amenewa si okometsera chabe. Chithunzi cha James Webb sichifika pansi pano chili ndi mitundu imene timaiona, chifukwa makinawo amajambula kuwala kumene maso a munthu sakuona, ndipo pamakhala akatswiri amene amakhala pansi kusankha mitundu ndi kulumikiza zidutswa kuti chioneke monga mmene chilili. Pa maliro akamalengeza zipepeso sanena kuti anthu a m'mudzi apereka, koma amatchula wopereka aliyense ndi chimene wapereka, ndipo wodumphidwa amadandaula ndithu ngakhale sanayembekeze kubwezeredwa kanthu. Mzere wa mayina pansi pa chithunzi uli ndi ntchito yomweyo, choncho muukopere wonse monga mmene eni ake anaulembera, osaufupikitsa kapena kuumasulira.

Zithunzi za Hubble ndi James Webb zimene zimatulutsidwa ndi ESA zili pansi pa chilolezo chotchedwa Creative Commons Attribution 4.0. Chilolezochi chimakulolani kusindikiza ngakhale kugulitsa, koma kutchula eni ake pamenepa si ulemu wokha, ndi lamulo limene chilolezocho chaimapo, moti mukasiya mzere wa mayina ndiye kuti mwagwiritsa ntchito chithunzicho popanda chilolezo. Chimafunanso kuti munene ngati mwasintha chithunzicho. Inu mudzasinthadi, popeza mudzadula pulaneti kuti ikwane m'kabokosi ndi kulembapo manambala, choncho onjezerani mawu akuti "chadulidwa ndi kulembedwa manambala".

Pamene ndikufuna musamale kwambiri ndi pa zithunzi za anthu wamba. Padziko pali anthu ambiri amene amagula okha makamera ndi makina oonera zakutali, n'kuchezera usiku wonse kunja akujambula Mlalang'amba kapena kadamsana, ndipo zithunzi zawo n'zawo monga mmene nyimbo ilili ya woipeka. Tsamba lotchuka la Astronomy Picture of the Day, limene linayamba mu 1995, lili pa intaneti ya NASA, koma zithunzi zake zambiri n'za anthu oterewa ndipo dzina la mwini limalembedwa pansi pake. Ngakhale zithunzi zokongola za Jupiter zochokera ku chombo cha Juno, chimene chinafika kumeneko mu Julayi 2016, zambiri zinakonzedwa ndi anthu odzipereka kuchokera pa zithunzi zosakonza zimene NASA imatulutsa, ndipo mayina awo amakhala kumapeto kwa mzere uja. Kwa munthu wotere kulemba dzina lokha sikukwanira ngati iye sanapereke chilolezo poyera. Mulembereni uthenga, mufotokoze kuti ndinu mphunzitsi ndiponso kuti ena mwa masewerawo mudzagulitsa, ndipo yankho lake mulisunge. Lamulo lathu la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limazindikira ufulu wa mwini woti atchulidwe pa ntchito yake, ndipo bungwe la COSOMA ku Lilongwe lingakuunikireni za mbali imeneyi.

Popeza mwatchula zogulitsa, dziwaninso kuti chizindikiro cha NASA, chozungulira chija cha buluu chokhala ndi mzere wofiira, sichili m'gulu la zaulere, ndipo simungachiike pa katoni popanda chilolezo cha bungwelo. Musalembenso mawu opangitsa wogula kuganiza kuti NASA yavomereza masewera anu. Nkhope za oyenda mumlengalenga zozindikirika mosavuta ndi bwino kuzipewa pa chinthu chogulitsa, chifukwa munthu ali ndi ufulu pa nkhope yake ngakhale chithunzicho chikhale cha boma.

Tsopano za masewera a malemu bambo anu. Kaseweredwe koponya dayisi, kukwera ndi kutsetsereka, kanachokera ku India kalekale ndipo palibe amene angati n'kake. Koma zojambula za pa katoni yakaleyo, mawu a pa pepala la malamulo ndi dzina la masewerawo zingathe kukhala kuti zidakali ndi eni, pakuti umwini wa zojambula umapitirira zaka zambiri wojambulayo atamwalira. Musakopere maroketi awo kapena dzina lawo. Lembani malamulo m'Chichewa chanuchanu, muwapatse masewerawo dzina latsopano, ndipo m'malingaliro anga ndi bwino kulembapo kuti munatengera nzeru pa masewera akale amene bambo anu anabwera nawo kuchokera ku Joni, chifukwa imeneyonso ndi mbiri imene ana ayenera kuidziwa.

Kalembedwe kake kasakudetseni nkhawa poganiza kuti mayina adzadzaza katoni. Ngati kabokosi ka nambala 47 kali ndi Saturn ndipo ka nambala 80 kali ndi Jupiter, siyani kachigawo m'munsi mwa katoni kapena kuseri kwake, mulembe nambala ya kabokosi, dzina la chojambulidwacho, kenako mzere wa eni ake, ndi zilembo zoti munthu awerenge popanda kufinya maso. Zimenezi zikhale pa katoni penipeni osati pa pepala la malamulo lokha, popeza pa sukulu pepala limasowa sabata yoyamba pamene katoni imatsala.

Chomaliza ndi zithunzi zimene mwana wa achemwali anu watenga kale. Mufunseni kumene anatenga chilichonse, ndipo ngati yankho lake ndi lakuti pa Google kapena pa Facebook, dziwani kuti amenewo si eni, ndi malo amene chithunzicho chinangodutsapo. Abwerere akafufuze chithunzi chilichonse pa masamba a NASA kapena a ESA kufikira atapeza mzere wake wa mayina, ndipo aulembe pomwepo m'kope pamodzi ndi tsiku limene wautenga. Chimene mwini wake sakupezeka, kapena chimene chili ndi dzina la munthu lolembedwa mozimiririka pakona, chichotseni ndi kuikapo china, poti zithunzi za mwezi ndi mapulaneti zokhala ndi chilolezo chomveka zilipo zochuluka kuposa mabokosi a pa katoni yanu.