Achimwene, musanaode makiyibodi opindika aja, imvani kaye izi

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mukuti mwakhala mukudutsa malire ndi mafoni ndi machaja kwa zaka zingapo, ndiye anthu ogwira ntchito pakompyuta ayamba kukufunsani za makiyibodi opindika ndi ogawika pakati, aja amati ergonomic. Mukufuna kudziwa kuti geni yake imayenda bwanji, muode ati, komanso muwadutsitse bwanji pa boda. Ndikuyankhani mmene ndikudziwira, poti ndi ntchito imene ine ndimadyera.

Choyamba, maganizo a machaja muwasiye pambali. Machaja mumaoda katoni yathunthu chifukwa aliyense wokhala ndi foni ndi kasitomala wanu. Kiyibodi yamtunduwu ili ngati nsapato, imene yamukwana uyu imamuluma uyo. Mukangooda makumi awiri a mtundu umodzi poti mwawapeza motchipa, mpamba wanu ugona pashelefu. Ine ndili ndi makiyibodi asanu ndi awiri osiyana mitundu amene sindigulitsa ngakhale munthu atandinyengerera bwanji. Ndinawasonkhanitsa pang'onopang'ono, ena atsopano, ena ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo shopu yanga yeniyeni ndi imeneyo. Munthu akabwera amakhala pansi n'kutayipa pa iliyonse, ine ndikuyang'ana manja ake. Akasankha, amapereka dipoziti, kenako ndimaoda.

Kuti mudziwe chimene mukuyang'ana pamanja a munthuyo, muyenera kudziwa vuto la kiyibodi wamba. Yesani nokha pompano. Ikani zala pamzere wapakati, pa A S D F ndi J K L. Muona kuti manja awiri afupikirana kuposa mmene mapewa anu atalikirana, ndiye pamfundo ya dzanja papindikira kunja, kumbali ya kachala kakang'ono. Muonanso kuti zikhatho zayang'ana pansi kwathunthu, pamene dzanja likangopuma lokha limakhala chopendekeka ngati mukufuna kupereka moni. Ndipo ngati timiyendo takumbuyo kwa kiyibodi mwatidzutsa, dzanja lapindikiranso m'mwamba. Munthu akhale choncho maola asanu ndi atatu tsiku ndi tsiku, asamadandaule dzanzi ndi kuphwanya kwa mkono? Makiyibodi onse amene tikukambawa akulimbana ndi kupindika kutatu kumeneku, kungoti ena amakonza pang'ono, ena amafika patali.

Amene amayenda malonda msanga ndi aja a thupi limodzi koma opindika pakati ngati kaphiri. Microsoft ndiyo inawatchukitsa ndi Natural Keyboard ya 1994, kenako Natural Ergonomic Keyboard 4000 ya 2005 ndi Sculpt ya 2013. Mu 2023 kampaniyi inalengeza kuti yasiya kupanga zipangizo zotere m'dzina lake, ndipo kampani ya Incase ndiyo inatenga chilolezo chopitiriza zina mwa izo. Masiku ano imene anthu amaitchula kwambiri pagulu limeneli ndi Logitech Ergo K860 ya 2020. Ubwino wa gulu limeneli ngwakuti mabatani ali pamalo omwe munthu anazolowera, ndiye pakatha masiku ochepa amakhala atayambanso kuthamanga. Mlembi wa mu ofesi, wowerengera ndalama, mphunzitsi, ambiri amathera pomwepa ndipo amakhutira.

Kenako pali ogawika kwenikweni, zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi kachingwe, monga Kinesis Freestyle. Apa munthu amatalikitsa zigawozo molingana ndi mapewa ake. Kwa munthu wa chifuwa chachikulu kusiyana kwake kumamveka tsiku lomwelo.

Gulu limene ine ndimalikonda, komanso limene lingakudyereni mpamba mukapanda kusamala, ndi la mabatani oyenda m'mizere yoongoka. Pakiyibodi wamba mizere inasemphana, Q sali pamwamba penipeni pa A, ndipo zimenezo zinachokera ku mataipi akale a m'ma 1870 omwe zitsulo zake zinkafuna mpata woti zisagundane. Zitsulozo zinatha kalekale koma kusemphanako tinakhala nako. Kampani ya Maltron ya ku England inayamba m'ma 1970 kupanga kiyibodi yokhala ndi maenje awiri ngati timbale, dzanja lililonse enje lake, mabatani atatsatira kutalika kwa zala. Kinesis ya ku America inatulutsa yake yamaenje mu 1992, yomwe mbadwa zake ndi Advantage2 ndi Advantage360. Glove80 ya MoErgo nayo ndi yamaenje. Pali ina yafulati koma yogawika, monga ErgoDox EZ ndi Moonlander za kampani ya ZSA, komanso kakang'ono kotchedwa Corne komwe kali ndi mabatani 42 okha, pamene kiyibodi yathunthu imakhala ndi 104 kapena 105.

Chimene chimandisangalatsa pamakiyibodi amenewa ndi ntchito imene amapatsa chala chachikulu. Chala champhamvu kuposa zonse, koma pakiyibodi wamba zala zazikulu ziwiri zimangogawana batani limodzi la mpata, pamene kachala kakang'ono kakusenza Enter, Shift ndi Backspace. Ndiye ganizirani ife olemba Chichewa. M'nyumba, ng'ombe, n'chifukwa, pang'ono: kachizindikiro kodulira mawu kameneka timakamenya kambirimbiri patsamba limodzi, ndipo nthawi zonse ndi kachala kakang'ono kakumanja. Makiyibodi ambiri a gululi amalola kusuntha mabatani kudzera m'mapulogalamu monga QMK ndi ZMK, ndiye pa kiyibodi yanga ine kachizindikiroko ndinakasamutsira pansi pa chala chachikulu chakumanzere. Mayi wina womasulira mabuku nditamuonetsa zimenezi anatayipa ndime imodzi, n'kusiya, n'kuyang'ana kachala kake ngati akukaona koyamba. Anapereka dipoziti tsiku lomwelo.

Koma musamunamize kasitomala. Wosamukira ku mizere yoongoka liwiro lake limagwa kaye, ndipo zimatenga milungu kuti libwerere. Wina anazolowera kumenya B ndi dzanja lamanja kapena Y ndi lamanzere, ndiye pakiyibodi yogawika chala chake chimangogwera pamalo opanda kanthu. N'chifukwa chake ndimayang'ana manja asanasankhe. Munthu wotayipa ndi zala ziwiri akuyang'ana pansi sindimugulitsa yamaenje ngakhale ndalama ali nazo, chifukwa pakatha sabata abwera nayo atakwiya. Ndiponso kiyibodi si mankhwala. Wina akandiuza kuti dzanzi limamudzutsa usiku kapena zinthu zikumupulumuka m'manja, ndimamuuza kuti apite kaye kuchipatala, za kiyibodi tikambirana akabwerako.

Tsopano za kuoda. Musanalipire, funsani kuti mabatani anasanjidwa motani, chifukwa dziko limene mukugulako lili ndi kasanjidwe kake. Ya ANSI, yomwe ndi ya ku America, Enter wake ndi wopingasa ndipo Shift wakumanzere ndi wamtali. Ya ISO, ya ku Ulaya, Enter ndi wamtali chotsika ndipo pali batani lina pambali pa Z. Ya ku France imayamba ndi AZERTY, ya ku Germany QWERTZ. Katoni kunja imaoneka chimodzimodzi, ndiye uzani wogulitsayo akujambulireni kiyibodi yeniyeniyo, osati chithunzi cha pa intaneti. Funsaninso za maswichi, tizipangizo tokhala pansi pa batani lililonse. Pa maswichi otchedwa Cherry MX, ofiira amatsika mosalala, abulauni ali ndi kabampu kofewa, abuluu amalira kuti ke ke ke. Abuluu musamuodere munthu wogwira ntchito m'chipinda chimodzi ndi anzake. Ngati kiyibodiyo ndi ya hot-swap, ndiye kuti swichi imazuka ndi kulowetsa ina popanda kuwotcherera, ndipo kwa ife ogulitsa kutali ndi fakitale chimenecho n'chamtengo wapatali, chifukwa batani limodzi likafa mumakonza nokha. Dziwaninso kuti ErgoDox ndi Corne mapulani ake ndi otseguka kwa aliyense, choncho opanga ndi ambiri ndipo luso lawo n'losiyana. Dzina lokha lisakukhutiritseni, odani imodzi kaye muyione.

Zogwiritsidwapo kale ntchito zili ndi phindu, koma ine zinandiphunzitsa mowawa. Ndinagula opanda zingwe anayi kwa munthu wina, okongola bwino, osafunsa za kadongo (dongle), kachipangizo kolowetsa ku USB kaja kamene kamalumikiza kiyibodi ndi kompyuta popanda chingwe. Atatu analibe. Mitundu ina kadongo kake kamamangiriridwa ku kiyibodi yakeyo kufakitale komweko, kakasowa simungagule kena n'kulumikiza. Mpaka lero atatuwo ndimangozulako zipewa za mabatani. Kuyambira pamenepo sindilipira ndisanalumikize kiyibodi ku kompyuta n'kumenya batani lililonse, limodzilimodzi. Pa ogawika ambiri olumikizidwa ndi kachingwe ka TRRS, kofanana ndi ka mahedifoni, musamazule kachingweko kiyibodi ili yolumikizidwa ku kompyuta yoyaka, chifukwa mutha kuwotcha zamkati. Kasitomala muzimuuza zimenezi kawiri.

Pa mayendedwe, chimene chimadya phindu ndi kukula kwa katoni, osati kulemera kwake. Makampani onyamula katundu pandege amayeza utali, ulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, amachulukitsa, n'kugawa ndi 5000 kapena 6000 malinga ndi kampani. Chimene chatuluka amachiyerekeza ndi kulemera kwenikweni, ndipo mumalipira chachikulucho. Kiyibodi yamaenje ndi yopepuka koma katoni yake ndi yaikulu, ndiye werengerani musanamuuze kasitomala mtengo. Musayesedwe kutaya katoniyo kuti muchepetse malo, chifukwa pulasitiki yopindika ikapanikizidwa pansi pa katundu wina imang'aluka. Za mabatire nazo muzifunse. K860 imayendera mabatire awiri wamba a AAA, palibe vuto. Koma opanda zingwe ambiri ali ndi batire ya lithium mkati, ndipo pandege imeneyo ili ndi malamulo ake, ena onyamula katundu amaikana kumene.

Pa boda, chida chanu ndi mapepala. Pamndandanda wa padziko lonse wa manambala a katundu, kiyibodi imagwera pa 8471.60, pamene zipewa za mabatani ndi tizigawo tina mukabweretsa patokha nthawi zambiri timagwera pa 8473.30. Msonkho wake umasiyana dziko ndi dziko ndipo umasintha, choncho funsani ofesi ya msonkho kapena ejenti wokiliya katundu musanaode. M'maiko ambiri amawerengera pamtengo wogulira ataphatikiza mayendedwe ndi inshuwalansi, kenako VAT pamwamba pake. Musadalire mapangano a malonda a maiko oyandikana, chifukwa amayang'ana komwe katundu anapangidwa, osati komwe mwamugula. Makiyibodi ambiri amapangidwa ku Asia, a ZSA mwachitsanzo ku Taiwan, ndiye kugula kwanu m'dziko loyandikana sikuwasandutsa katundu wa m'dzikolo.

Pali chinthu china chimene mudzakumana nacho ndithu. Wa kasitomu anazolowera kiyibodi wamba. Akatsegula katoni n'kuona zigawo ziwiri, akhoza kulemba kuti makiyibodi awiri. Zinandichitikirapo, ndipo ndinatulutsa laputopu pomwepo, kulumikiza zigawo zonse, n'kumupempha kuti alembe dzina lake ndi chigawo chimodzi chokha. Zilembo zina zinasowa, anaseka, n'kukonza pepala. Tsopano ndimayenda ndi invoisi, umboni wa malipiro, ndi chithunzi chosindikiza chosonyeza kiyibodiyo ili yathunthu. Ndipo musalole wogulitsa akulembereni mtengo wotsika kuti muzembe msonkho. Akakugwirani mulipira chindapusa, mwina katundu alandidwa. Ndipo katundu akatayika panjira, inshuwalansi ikubwezerani potengera mtengo wabodza womwewo.

Kasitomala mukamamuuza mtengo, mumuuzenso kuti ukhala masiku angati, chifukwa ndalama zakunja zimasintha mphamvu pakati pa tsiku la dipoziti ndi tsiku lolipira. Za waranti mugwirizane poyera. Kubweza kiyibodi kwa wopanga kudutsa malire nthawi zina kumadya ndalama zoposa kukonza, ndiye ine ndimasunga maswichi, zingwe ndi zipewa zapadera, ndipo wina yake ikavuta ndimamubwereka imodzi mwa zanga zija mpaka nditakonza. Anthu amenewa amadziwana, olemba mapulogalamu, akonzi a nkhani, omasulira, ndipo mmodzi akakhutira amabwera ndi mnzake.

Ndiye pa ulendo ukubwerawu musabwere ndi katoni. Bweretsani atatu okha: imodzi yopindika ya thupi limodzi, imodzi yogawika ya mizere wamba, ndi imodzi ya mizere yoongoka. Yachitatuyo muyigwiritse ntchito nokha mwezi wathunthu, mauthenga onse a geni yanu muzilembera pamenepo, kuti kasitomala akadzati zala zikusochera mudzadziwe chimene akunena. Mukakonzeka mundiuze, ndikutumizirani kasanjidwe ka mabatani kamene ndimagwiritsa ntchito polemba Chichewa.