Chilango cha Joe Kelly ndi ufulu wa osewera a Astros: zimene malamulo a baseball amanena

Bambo,

Ndawerenga kalata yanu imene mwafotokozamo mkangano wa pakati pa inu ndi alamu anu. Inu, monga wotsatira timu ya Los Angeles Dodgers, mukuti palibe chilungamo pa momwe akuluakulu a Major League Baseball, ligi yaikulu ya baseball ku America, amalangira osewera, chifukwa osewera a Houston Astros amene ankaba zizindikiro za matimu anzawo pogwiritsa ntchito kamera m'chaka cha 2017 sanaimitsidwe ngakhale tsiku limodzi, pamene Joe Kelly, woponya mpira wa Dodgers pa nthawiyo, amene anaponya mpira moopseza awiri mwa iwo mu 2020, anaimitsidwa masewero 8. Alamu anu akuti zonse zinayenda motsatira malamulo. Mwafunsa kuti wosewera ali ndi ufulu wanji akapatsidwa chilango, ndiponso ngati khothi lingathe kulowererapo. Pa mbali ya malamulo alamu anu akulondola pa zambiri, koma pali malo amodzi pamene dandaulo lanu lili ndi mphamvu, ngakhale kuti si pamene inu mukuloza.

Choyamba kuchimvetsa ndi gwero la mphamvu za komishonala, amene ndi mkulu wa ligiyi. Ligi imeneyi si nthambi ya boma, ndipo komishonala si woweruza wa khothi. Amalembedwa ntchito ndi eni matimu, ndipo mphamvu zake zimachokera m'mapangano. Kale mphamvuzo zinalibe malire. Kenesaw Mountain Landis, amene anasankhidwa kukhala komishonala woyamba mu 1920, anathamangitsa kwa moyo wonse osewera 8 a Chicago White Sox mu 1921 pa nkhani yogulitsa masewero a World Series (mpikisano wotsiriza wolimbirana chikho cha ligi) ya 1919, ndipo anachita zimenezi patangopita tsiku limodzi khothi litamasula amene anazengedwa mlandu. Panalibe kwina kokadandaula. Zinthu zinasintha bungwe la osewera, motsogozedwa ndi Marvin Miller, litasainirana ndi eni matimu mgwirizano woyamba wa ntchito mu 1968, kenako mu 1970 litapeza ufulu woti madandaulo azimvedwa ndi mkhalapakati wosakondera mbali. Kuyambira pamenepo wosewera ndi wantchito wotetezedwa ndi mgwirizano, ndipo chilango chimene wapatsidwa chiyenera kukhala ndi chifukwa chokwanira ndi cholungama.

Mawu amenewa ali ndi tanthauzo lake pakati pa maloya a nkhani za ntchito. Mkhalapakati amafunsa ngati wantchito anadziwitsidwa lamulolo pamodzi ndi chilango chake asanalakwe, ngati kafukufuku anachitika bwino, ngati umboni ndi wokwanira, ndiponso ngati chilangocho chikufanana ndi chimene ena anapatsidwa pa mlandu wonga womwewo. Ndondomeko yake imayenda chonchi: ligi imadziwitsa wosewera za chilango m'kalata, bungwe la osewera limapereka dandaulo, mbali ziwirizo zimakumana kuyesa kugwirizana, ndipo zikakanika nkhani imapita kwa anthu atatu. Mmodzi amaimira matimu, wina amaimira osewera, ndipo wachitatu ndiye mkhalapakati amene mbali zonse zinavomereza. Popeza awiri oyambawo sataya mbali yawo, chigamulo chenicheni chimakhala m'manja mwa wachitatuyo. Wosewera amabwera ndi loya wake, amaitana mboni, ndipo amafunsa mafunso mboni za ligi.

Nkhani ya Ryan Braun wa Milwaukee Brewers ikusonyeza bwino kulemera kwa ndondomeko. Mkodzo wake unatengedwa Loweruka, pa 1 Okutobala 2011, ndipo utayezedwa unapezeka ndi testosterone wochuluka, chizindikiro cha kugwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa owonjezera mphamvu. Malamulo ankafuna kuti botolo litumizidwe ku labotale tsiku lomwelo ngati palibe chovuta chachilendo, koma munthu amene anatenga mkodzowo anasunga botololo kunyumba kwake mpaka Lolemba, pamene analipereka ku kampani yotumiza katundu ya FedEx. Palibe amene anasonyeza kuti botololo linatsegulidwa. Komabe mu Febuluwale 2012 mkhalapakati Shyam Das anafafaniza chilango cha masewero 50, ligi inakwiya poyera, ndipo patangopita miyezi yochepa inamuchotsa Das pa udindowo, pakuti mbali iliyonse ili ndi ufulu wochotsa mkhalapakati. Chaka chotsatira Braun anavomera chilango cha masewero 65 pa nkhani ya kiliniki ya Biogenesis, imene inkapereka mankhwala oletsedwa kwa osewera, ndipo anavomereza kuti anagwiritsadi ntchito mankhwala. Anthu ambiri amatenga nkhaniyi ngati umboni woti wolakwa anapulumukira pa kabowo. Ine ndimaiona mwina: lamulo la kasungidwe ka botolo linalembedwera wosewera wosalakwa amene tsiku lina botolo lake lidzasokonezedwe, ndipo silingagwire ntchito kwa iyeyo ngati linyalanyazidwa pa tsiku limene tikuganiza kuti wozengedwayo ndi wolakwa.

Tsopano tifike ku Houston. Nkhani inaululika mu Novembala 2019 pamene Mike Fiers, amene kale ankaponyera Astros, anaifotokoza kwa atolankhani a tsamba la nkhani za masewero la The Athletic. Kamera ya kumapeto kwa bwalo inkajambula zala za wogwira mpira wa timu ya alendo pamene akuuza woponya mtundu wa mpira woti aponye, chithunzicho chinkaoneka pa TV imene inali pafupi ndi benchi, ndipo wina ankamenya bini ya zinyalala kuti womenya mpira adziwe chimene chikubwera. Komishonala Rob Manfred anatulutsa lipoti lake pa 13 Januwale 2020. Anaimitsa kwa chaka chimodzi mkulu woyendetsa timu Jeff Luhnow ndi mphunzitsi A.J. Hinch, amene mwini timu Jim Crane anawachotsa ntchito tsiku lomwelo. Timuyo inalipitsidwa madola 5 miliyoni, ndalama yaikulu kwambiri imene malamulo a ligi ankalola, ndipo inalandidwa mwayi wosankha osewera atsopano m'ndime ziwiri zoyambirira za chisankho chimene matimu amachita chaka chilichonse, mu 2020 ndi 2021. Osewera analonjezedwa kuti sadzalangidwa akanena zoona.

Lonjezo limeneli ndi limene likukupwetekani mtima, koma loya aliyense amene akanalangiza Manfred akanaona vuto lomwe iye anaona. Mu Seputembala 2017, timu ya Boston Red Sox itagwidwa ikugwiritsa ntchito wotchi ya Apple potumiza zizindikiro, komishonala analembera matimu onse chikalata chochenjeza, ndipo anaika udindo wotsatira lamulolo pa mkulu woyendetsa timu ndi mphunzitsi. Lipoti la 2020 linapeza kuti Luhnow sanapereke chikalatacho kwa osewera. Taganizirani tsono loya wa bungwe la osewera ataimirira pamaso pa mkhalapakati. Akanafunsa kuti ndi liti pamene wosewera anauzidwa kuti mchitidwe umenewu ungamuimitse, kuti ndi ndime iti ya mgwirizano imene ikutchula chilango chake, ndi kuti ndi wosewera uti m'mbuyomu amene anaimitsidwapo pa mlandu woterewu. Pa mafunso atatu onsewa ligi ikanasowa yankho lolimba. Kuwonjezera apo, ofufuza anafunsa mboni 68, ndipo 23 mwa izo zinali osewera a Astros, akale ndi a nthawi imeneyo. Popanda lonjezo lija ambiri akanalankhula mochenjera loya ali pambali, ndipo zimene tikudziwa lero za bini ija zikanakhala mphekesera chabe. Luhnow ndi Hinch analangidwa mosavuta chifukwa si mamembala a bungwe la osewera, choncho analibe mkhalapakati wothawirako.

Izi sizikutanthauza kuti ligi ilibe mlandu. Madandaulo a kuba zizindikiro ndi makina anali akumveka kwa zaka, ndipo ofesi ya komishonala inali ndi nthawi yokwanira yokambirana ndi bungwe la osewera kuti alembe lamulo lomveka lokhudza osewera eniake. Inachedwa. Mgwirizano wolola kuimitsa wosewera pa mlandu umenewu unalengezedwa mu Julayi 2020, mbava itapita kale, ndipo lamulo latsopano silibwerera m'mbuyo kukalanga zakale.

Nkhani ya Kelly inadutsa njira ina kotheratu, ndipo apa ndi pamene ndikugwirizana nanu. Pa 28 Julayi 2020 ku Houston, Kelly anaponya mpira wothamanga umene unadutsa kumbuyo kwa mutu wa Alex Bregman, anaponyanso wina pafupi ndi mutu wa Carlos Correa, ndipo atamutulutsa Correa anamupindira milomo momunyodola akuchoka m'bwalo, mpaka osewera a matimu onse awiri anatuluka pa mabenchi. Kuponyera munthu mpira dala ndi mlandu wakale umene wosewera aliyense amaudziwa, ndipo Kelly anali ataimitsidwapo kale mu 2018 pa nkhani yofanana, ali ku Boston. Choncho funso la chidziwitso, limene linapulumutsa osewera a Astros, silikanamuthandiza iye. Chimene chinali chokayikitsa ndi kukula kwa chilango: chifukwa cha Covid-19 timu iliyonse inasewera masewero 60 okha chaka chimenecho m'malo mwa 162, kotero kuti masewero 8 anali ngati masewero pafupifupi 22 a chaka wamba. Anachita apilo, chilango chinaimikidwa kaye podikira chigamulo, ndipo chinatsitsidwa kufika pa masewero 5.

Koma apilo ya zochitika m'bwalo sipita kwa anthu atatu aja. Imamvedwa ndi munthu wa mu ofesi ya komishonala yomweyo imene inapereka chilango. Mfundo yakale ya chilungamo imati munthu asaweruze mlandu wake womwe, ndipo apa ligi ndiyo yoimba mlandu, ndiyo yolanga, ndiyonso yomva apilo. Bungwe la osewera linavomereza dongosolo limeneli pokambirana mgwirizano, motero ndi lololedwa ndi malamulo, koma kuloledwa kwake sikulichititsa kukhala labwino. Mukafuna mfundo yoti alamu anu avutike kuyankha, ndi imeneyi: wosewera wozengedwa mlandu waukulu wa mankhwala ali ndi chitetezo chochuluka kuposa wosewera amene wapsa mtima m'bwalo. Alex Rodriguez anapatsidwa masewero 211 mu Ogasiti 2013 pa nkhani ya Biogenesis ija, ndipo mkhalapakati Fredric Horowitz anawatsitsa kufika pa 162. Trevor Bauer, amene ankakana milandu ya nkhanza kwa amayi ndipo boma silinamuzenge mlandu, anapatsidwa masewero 324 mu 2022, ndipo Martin Scheinman anawatsitsa kufika pa 194. Onsewa anamvedwa ndi munthu amene si wa mu ofesi ya komishonala. Kelly sanapatsidwe mwayi umenewo.

Za khothi, khomo lake ndi lopapatiza kwambiri. Wosewera amene sanakhutire ndi chigamulo cha mkhalapakati angathe kusumira ku khothi la feduro (la boma lalikulu la America), koma woweruza sayambiranso kumva umboni. Amangoona ngati mkhalapakati anachita chinyengo, kapena ngati anapyola mphamvu zimene mgwirizano unamupatsa. Khothi Lalikulu la dziko la America linatsimikiza zimenezi mu 2001 pa mlandu wa pakati pa bungwe la osewera ndi wosewera wakale Steve Garvey, pamene linagamula kuti ngakhale woweruza atakhulupirira kuti mkhalapakati analakwitsa kwambiri pa kuunika umboni, chimenecho pachokha si chifukwa chokwanira chofafanizira chigamulo chake. Rodriguez anayesa njira imeneyi ku New York mu Januwale 2014, anasumira ligi pamodzi ndi bungwe lake lomwe la osewera, ndipo pasanathe mwezi anauchotsa yekha mlanduwo.

Mwafunsanso kumapeto kwa kalata yanu ngati otsatira masewero angasumire ligi chifukwa chosalanga osewera, kapena kukakamiza kuti chikho cha 2017, chimene Dodgers inaluza kwa Astros pa masewero a nambala 7, otsiriza a World Series, chilandidwe kwa Astros. Yankho ndi lakuti ayi. Wotsatira timu sali mbali ya mgwirizano wa pakati pa matimu ndi osewera, ndipo makhothi a ku America akhala akunena kuti tikiti imapatsa munthu ufulu wolowa ndi kuonera masewero, osati lonjezo lakuti malamulo a masewerowo adzatsatidwa. Anthu ena amene ankabetcha ndalama pa DraftKings, kampani ya masewero a ndalama a pa intaneti, anasumira ligi pamodzi ndi matimu a Astros ndi Red Sox, ponena kuti ananyengedwa, koma woweruza Jed Rakoff wa ku New York anautaya mlanduwo mu Epulo 2020, ndipo khothi la apilo linagwirizana naye mu 2022. Njira yokhayo imene dongosolo la apilo ya zochitika m'bwalo lingasinthire ndi pa zokambirana za mgwirizano wa ntchito, ndipo amene angaiike nkhaniyo pa tebulo ndi bungwe la osewera, ngati lingavomere kutaya kanthu kena posinthanitsa.